Pepala lomwe ndikanasaina

Pa 26 Novembala 2018, Lolemba, ndinali m'chipinda cha aphunzitsi ndikuchonga mayeso a Fomu 4 pomwe mnzanga wina anaponya uthenga pa gulu lathu la WhatsApp la aphunzitsi a sayansi. Wasayansi wina wa mumzinda wa Shenzhen ku China, dzina lake He Jiankui, anali atalengeza pa YouTube kuti kwabadwa ana awiri amapasa, onse aakazi, omwe iye anawasintha majini akadali miluza m'mbale ya mu labotale. Ati cholinga chake chinali choti anawo asadzatenge kachilombo ka HIV.

Gulu linawira. Wina anakumbutsa za nsanja ya Babele. Wina anati masiku otsiriza aja ndi ano. Mphunzitsi wa masamu, yemwe sasowa chonena, anati titumize kalasi yake ya Fomu 2 kwa mkuluyo akaikonze mitu. Nanenso ndinalemba nawo: "Ameneyu ngofunika kumangidwa basi." Ndinaikaponso kankhope kokwiya kaja.

Kenako ndinawerenga nkhaniyo mpaka pansi, n'kupeza mzere womwe sunandisiye mpaka lero. Bambo wa anawo anali ndi HIV. Mayi wawo analibe.

Ndinabweza foni m'thumba n'kupitiriza kuchonga, koma mapepala atatu otsatira ndinachita kuwabwereza mawa lake. M'chipinda chonsecho munalibe yemwe ankadziwa kuti banja lofotokozedwalo likufanana ndi langa. Ine anandipeza nako mu 2012. Mayi akunyumba alibe. Ndipo tsiku limenelo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

## Chitseko chopanda chogwirira

Ana asukulu amaseka ndikangoyamba mutu wa majini. Chaka chilichonse pamapezeka mmodzi wofunsa ngati ndi majini omwe aja amagwetsa anthu ku mapemphero. Ndimawauza kuti ayi, awa ndi malangizo olembedwa mu DNA, theka la kwa mayi theka la kwa bambo, omwe amachititsa kuti mphuno ya agogo ako ipezeke pankhope pako iwe usanaipemphe.

HIV silowa m'maselo oteteza thupi mwachisawawa. Imafuna pogwira, ndipo pamodzi mwa malo omwe imagwira ndi kapuloteni kotchedwa CCR5. Kuli anthu ena, makamaka kumpoto kwa Ulaya, pafupifupi mmodzi mwa anthu 100 alionse, omwe anabadwa jini ya CCR5 ili yoduka mbali zonse ziwiri, ya kwa mayi ndi ya kwa bambo. Kwa amenewa, mitundu yambiri ya kachilomboka imafika pakhomo n'kupeza chitseko chilibe chogwirira. Timothy Ray Brown, yemwe dziko linkamudziwa ngati wodwala wa ku Berlin, anachira HIV madokotala atamuika maselo ochokera kwa munthu wotere mu 2007, pomwe ankamuchiza khansa ya m'magazi.

He Jiankui anafuna kupanga dala zomwe anthu amenewa anabadwa nazo. Chida chake chinali CRISPR-Cas9, lumo loti ukaliuza malo limapita kukadula DNA pomwepo. Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna anafotokoza kagwiritsidwe ntchito kake mu 2012, ndipo mu 2020 analandira nako mphoto ya Nobel. He Jiankui anatenga umuna wa bambo, n'kuutsuka kuti usakhale ndi kachilombo, n'kuulowetsa m'dzira la mayi, kenako n'kubayiramo lumo lija.

Mawu oti "n'kuutsuka" muwasunge, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Mwana satengera HIV kwa bambo ake ngati mmene amatengera mphuno. Amatengera kwa mayi, ali m'mimba, pobadwa kapena poyamwa. Mayi akakhala alibe, mwana alibe potengera. Kutsuka kuja kunali kutamaliza kale ntchito yonse. Miluza ija inali yabwinobwino, yopanda nthenda iliyonse. Mkuluyu sanachize munthu. Anatenga ana athanzi n'kuyesa kuwaonjezera mphamvu yomwe makolo awo analibe, ndipo chilichonse chomwe anadula m'menemo chingathe kudzapita kwa ana awo ndi zidzukulu zawo.

Zonsezi ndinkazidziwa madzulo amenewo pobwerera kunyumba. Ndinali nditakonza kale phunziro lonse m'mutu.

## Usiku wa ngumbi

Mvula inali itagwa masana, ndipo magetsi anali atazima monga mwa nthawi imeneyo. Ana a nyumba yoyandikana nafe anali atayatsa tochi pamwamba pa beseni la madzi, akukola ngumbi uku akukuwa. Mayi akunyumba anali pamkeka pakhonde, mapazi otupa atawasanjika pa ndowa yovundikira, akusenda mango ndi kampeni kathu kopanda chigwiriro. Itakwana 8 koloko ndinalowa kukamwa ma ARV anga otchedwa 5A, mumdima momwemo, poti botolo ndinkalidziwa malo ake kuseri kwa mabuku, n'kutulukanso kudzakhala pa sitepe.

Ndinawafotokozera zonse ngati ndili kutsogolo kwa kalasi. Za CCR5, za lumo, za kutsuka. Ndinati munthuyo ndi chigawenga chovala jekete yoyera. Ndinati wasewera ndi ana a eni. Mawu anga ankakwera, ine n'kumamva kukoma kuti ndili kumbali yolondola.

Iwo anamaliza bango lawo, n'kupukuta kampeni pachitenje.

"Ndiye abambo akewo anavomera?"

"Anasaina. Onse awiri, iwo ndi akazi awo."

"Anali osaphunzira?"

Ndinati sindikuganiza choncho.

"Ndiye anali opusa?"

Sindinayankhe msanga. Ngumbi imodzi inatera pabondo panga, mapiko atathothoka kale mbali imodzi.

"Abambo, ndikufunseni. Munthu ameneyo akanabwera pakhomo pano ndi pepala lakelo zaka zitatu zija munkakana zoti tikhale ndi mwana, mukanatani?"

Ndinayamba kunena kuti ine sayansi ndimaidziwa, sakanandinamiza. Anandidula, osakweza mawu.

"Sayansi munkaidziwa pomwe munkatsuka kapu yanu payokha. Munkaidziwa tsiku lija mwana wa achemwali anga anakulumani chala akumera mano, inu n'kumuchotsa pamiyendo ngati wagwira moto, n'kukhala sabata yonse osagona. Aphungu aja ku chipatala anakuuzani kangati kuti tizilombo sitikuonekanso m'magazi mwanu? Inuyo ndi amene munkandiwerengera za kafukufuku uja. Koma mwana munkakanabe."

Zinali zoona. Kafukufuku yemwe ankanenayo ndi wa HPTN 052, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2011, ndipo ena mwa mabanja omwe anachita nawo anali a ku Lilongwe ndi ku Blantyre konkuno. Anapeza kuti munthu akayamba ma ARV msanga, mpata wopatsira mnzake wapabanja umatsika ndi 96 peresenti. Ofufuza ena pambuyo pake anatsatira mabanja ambirimbiri momwe yemwe ali nako tizilombo take sitinkaonekanso poyeza, osapeza ndi mmodzi yemwe wopatsira mnzake. Manambala amenewa ndinkawanena pamtima. Ndinkawakhulupirira kwa wina aliyense kupatula ine.

"Mukanasaina," anatero. "Ndipo mukanandinyengerera mpaka nanenso ndisaine. Mukanati mukuchitira mwana."

Anagwira mimba yawo ndi dzanja lomata madzi a mango.

"Koma uyu sadwala. Wodwala ndi inu, ndipo sindikunena za magazi."

Ana aja anayamba kulimbirana beseni, mayi awo n'kuwakalipira ali m'nyumba. Ine ndinangokhala pa sitepe paja, chizungulire cha 5A chikuyamba, ndikufunafuna chiganizo chimodzi chowatsutsira. Sindinachipeze usiku umenewo, ndipo zaka zonsezi sindinachipezebe.

## Wamva m'mimba

Masiku otsatira ndinatha mabando ndikuwerenga, osati za lumo koma za abambo aja. Mabanja anali asanu ndi atatu, limodzi linatuluka. Onse anali ngati ife: mwamuna ali nako, mkazi alibe. Anawapeza kudzera m'gulu lina la ku Beijing lothandiza anthu omwe ali ndi HIV, kutanthauza kuti anapita kukawedza pamalo pomwe anthu amapita kukapumira, pomwe amavula chigoba chomwe amayenda nacho kunja.

Ku China malamulo sankalola munthu yemwe ali ndi HIV kulandira thandizo lobereketsa la mu labotale. Ofufuza a boma anadzapeza kuti poyeza magazi ankatumiza anthu ena opanda kachilombo kukaimira abambowo. Pepala lomwe anasainalo linkatchula ntchitoyi kuti ndi yopanga katemera wa Edzi. Linkalonjeza kulipira zonse, ndalama zokwana 280,000 yuan pa banja, koma wofuna kutuluka zinthu zitafika patali ankayenera kubweza. Taganizani munthu yemwe wakhala akuuzidwa kuti chitseko ichi si chako, lero wina akumutsegulira, akumulipirira, n'kumuuzanso kuti mwana wako sadzaona zomwe waona iwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Abambo amenewa sindingawaweruze. Ndimawadziwa kumene ankamva kupweteka.

Kunotu zinthu zinasintha kale. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndipo mu 2011 Malawi linakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera yemwe ali ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse, njira ija ya Option B+. Tonse tili ndi wachibale yemwe anadzuka pamphasa n'kubwerera kumunda. Komabe ine, mphunzitsi wa Biology, mankhwala anga ndinkakatengera ku chipatala cha kutali, kukwera maminibasi awiri, kuopa kukumana ndi kholo la mwana wa m'kalasi mwanga pamzere. Mapiritsi anagwira ntchito yawo m'magazi. Manyazi sanawakhudze.

Ndiye ndikamva anthu akukamba za umisiri wokonza munthu kuti akhale woposa mmene anabadwira, wamphamvu, wanzeru, wosagwidwa ndi matenda, sindiganiza za anthu olemera ofuna mwana wa maso obiriwira. Amenewo alipo, koma si amene adzayambe kusaina. Oyamba adzakhala anthu ngati ine: wamfupi yemwe anasekedwa ubwana wake wonse, yemwe analephera mayeso a Sitandade 8 kawiri, mayi yemwe khungu lake linamuchititsa kuyenda mwamantha. Aliyense wa ife ali ndi kanthu komwe analumbira kuti mwana wake sadzakaona. Wogulitsa wochenjera sadzatiuza kuti akukonza mtundu wa anthu. Adzangotifunsa kuti, kodi mwana wanu mumamukonda?

Pa 28 Novembala, He Jiankui anaimirira pa msonkhano wa akatswiri a za majini ku Hong Kong n'kunena kuti akunyadira zomwe wachita. Akatswiri ataona zomwe anaonetsa, zinadziwika kuti lumo silinadule mmene ankafunira. Mwa mwana mmodzi linasintha mbali imodzi yokha ya jini, ina n'kutsala mmene inalili, kusonyeza kuti chitseko chija chikadali ndi chogwirira. Mwa winayo linasintha mbali zonse ziwiri, koma kusinthako sikunafanane ndi kuja kwa anthu a ku Ulaya. Kunali kwatsopano, koti palibe munthu anakhalapo nako. Kuonjezera apo, kuli mitundu ina ya HIV yomwe imalowera khomo lina lotchedwa CXCR4, ndiponso anthu opanda CCR5 amadwala kwambiri akagwidwa ndi kachilombo ka West Nile. Chikomekome cha mkuyu. Makolo analipira ndi matupi a ana awo, ndipo katundu yemwe anagulayo sanafike n'komwe.

## Mphini za agogo

Pali mfundo imodzi yomwe inandivuta kwa nthawi yaitali, ndipo anaibweretsa ndi mphunzitsi wa masamu yemwe uja, tsiku lina tikudya chiwaya. Anati: "Aphunzitsi, inu mukuti ana aja sanafunsidwe. Nanga ndi mwana uti amafunsidwa? Wanu mukamubayitsa katemera wa chikuku mudzayamba mwamupempha?"

Sananame. Katemera nayenso amapatsa thupi mphamvu yomwe silinabadwe nayo, ndipo palibe khanda linasainirapo. Timasankhira ana dzina, mpingo, sukulu, chilankhulo choyamba. Kulera konse ndi kusankhira munthu yemwe sangayankhe.

Ine pachifuwa panga pali mphini. Anatema ndi agogo anga aakazi ndili ndi zaka zinayi kapena zisanu, nditadwaladwala, iwo atatsimikiza kuti pali dzanja la munthu. Ndimakumbukira lezala, kununkha kwa mankhwala akuda opaka pabala, ndi mwendo wa amalume utandipanikiza kuti ndisaphiriphithe. Ankandikhwimitsa. Ankafuna mdzukulu woti zoipa zikafika zizibwerera pakhomo. Mawu oti katemera ndi oti kutemera ndi apachibale, ndipo mtima womwe unagwiritsa agogo lezala ndi womwewo umatinyamulitsa ana kupita nawo kusikelo. Ndi womwewonso unasainitsa abambo a ku China aja. Sindikuona kusiyana kwa chikondi pa atatuwa.

Kusiyana ndinakuona tsiku lomwe mwana wathu anabadwa, kumapeto kwa Januwale 2019. Anamwino atandilola kumuona, ndinamuvundukula pang'ono, ndipo mwa zonse zomwe bambo angayang'ane, ine ndinayang'ana pachifuwa. Posalala. Mphini za agogo zinathera pakhungu langa. Kaya analondola kaya analakwitsa, mlandu wake ndinausenza ndekha, ndipo udzalowa nane m'manda. Katemera nayenso amathera mwa yemwe wabayidwa, ndipo asanafike pamkono wa mwana wanga amakhala atayesedwa pa anthu masauzande, zoopsa zake zikudziwika, nthenda yomwe akuteteza ili pakhomo penipeni.

Zomwe anatemera amapasa aja, Lulu ndi Nana, maina omwe anawapatsa pobisa enieni, sizithera pa iwo. Zili m'mazira omwe anabadwa nawo. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzakonda munthu, ndipo adzayenera kusankha kumuuza kapena kusamuuza kuti m'thupi mwake muli chinthu chomwe palibe dokotala angamuuze mathero ake. Kukambirana kotero ndikukudziwa. Ndinakuchitapo pa benchi ina, manja akunjenjemera, ndikuuza mtsikana yemwe lero ndi mayi akunyumba. Bambo uja ankafuna kuti mwana wake asadzakhale pa benchi yoteroyo. Anangomusinthira benchi.

## Mbewa zokumbukira msanga

Pali kanthu kena komwe kanatuluka nkhaniyi ili mkati. Mu 2016, ofufuza a pa yunivesite ya UCLA ku America, m'gulu la Alcino Silva, anali atapeza kuti mbewa zomwe anazichepetsera CCR5 zinkaphunzira ndi kukumbukira msanga kuposa zinzake. Ku Hong Kong kuja wina anafunsa He Jiankui ngati sanakhudzenso ubongo wa anawo, iye n'kuyankha kuti sagwirizana ndi zosintha majini pofuna kuonjezera munthu luso. Mbewa si munthu, ndipo palibe umboni woti ana aja anasanduka anzeru. Nzeru sizikhala pa jini imodzi ngati switchi ya getsi. Zimakhudzana ndi majini masauzande, kuphatikizapo phala lomwe mwana wadya kapena sanadye m'mawa.

Koma ndinadzigwira ndikuganiza za kalasi yanga. Ndikanauzidwa kuti kudula komweko kudzathandizanso mwana wanga kukhoza masamu, kodi pepala lija likanandivuta kusaina kapena likanapepukirapo? Yankho ndikulidziwa, ndipo silindisangalatsa. Malire a pakati pa kuteteza mwana ndi kumukonza kuti apose anzake amaoneka bwino pa bolodi. Mumtima mwa kholo mulibe mzere wotero.

Lumolo palokha sindidana nalo. Ndinaphunzitsapo mtsikana wa matenda a magazi otchedwa sickle cell, yemwe mwezi wa Juni uliwonse, kukangozizira, mpando wake unkakhala wopanda munthu kwa masabata awiri, n'kubwera maso ali achikasu, akupempha manotsi. Mu Novembala 2023 dziko la Britain linavomereza mankhwala otchedwa Casgevy, America n'kutsatira mu Disembala. Amagwiritsa ntchito CRISPR yomweyo. Amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, kuwakonza, n'kuwabwezeramo. Wodwalayo alipo, akumva ululu, angathe kufunsa mafunso, ndipo kusinthako sikupita kwa ana ake. Mtsikana uja akanapatsidwa pepala limenelo, ndikanamubwereka cholembera changa chofiira.

Sadzapatsidwa. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, pomwe ana ambiri obadwa ndi nthendayi amabadwira kuno ku Africa. Ndiye pamene ena akukangana ngati n'koyenera kupanga ana oposa anzawo, ine ndimaona kuti ngakhale kuchiza kwenikweniko kwayamba kale kusankha nyumba zolowa. Za ana okonzedwa zikadzatheka, sizidzayambira ku sukulu yoyendera ngati yathu. Kwathu kuno kungadzafike gawo loyeserera, poti anthu osowa pogwira, osaina msanga, ndife tili nawo ambiri.

## Sitandade 1

Pa 30 Disembala 2019 khoti la ku Shenzhen linagamula kuti He Jiankui akakhale kundende zaka zitatu ndi kulipira chindapusa cha 3 miliyoni yuan, pa mlandu wochita zachipatala mosaloledwa. Linapezanso kuti zikalata zosonyeza kuti komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku yavomereza zinali zachinyengo, ndipo linatsimikiza kuti kunabadwanso mwana wachitatu. Zomwe ndinalemba pa WhatsApp zija zinachitikadi. Nditamva, sindinaikepo kankhope kalikonse. Anatuluka mu Epulo 2022, ndipo anabwereranso ku ntchito zofufuza. Zaka zake zitatu zinatha. Za ana aja zilibe tsiku lothera.

Amapasa aja amaposa mwana wathu ndi miyezi yochepa chabe. Ndiye chilichonse chomwe wathu wachita, ndimapezeka ndikuwaganizira. Atayamba kukwawa, atatuluka dzino loyamba, atadwala malungo n'kugonekedwa masiku atatu. Ife titathamangira naye kuchipatala usiku umenewo, dokotala anadziwa choyang'ana, chifukwa thupi lake ndi lofanana ndi matupi ena onse omwe anaphunzira. Ndinakhala pa benchi ya panja ndikuganiza za bambo uja, kuti mwana wake akatentha thupi amayamba kuganiza chiyani, ndipo amauza dokotala zingati.

Panopa ndinasiya kukwera maminibasi awiri. Mankhwala ndimatengera pa chipatala chapafupi, ndipo ndakumanapo ndi makolo awiri a ana anga pamzere. Tinapatsana moni, wina n'kundifunsa ngati mwana wake akulimbikira. Kapu yanga imatsukidwa limodzi ndi zinzake. Sindinganene kuti manyazi anatheratu. Pa gulu la aphunzitsi lija sindinanenebe, ndipo nkhani inoyi ndailemba popanda dzina. Mutu wa majini ndikafika nawo pa CRISPR ndimawauza ana za Lulu ndi Nana, n'kuwafunsa kuti akanakhala makolowo akanatani. Manja ambiri amakwera kuti akanakana. Ndimawayang'ana, ana a zaka 17, otsimikiza ngati mmene ndinalili ine Lolemba lija, ndipo sindiwatsutsa. Chaka china mnyamata wina wa kumbuyo, wosayankhulayankhula, sanakweze dzanja mbali iliyonse. Potuluka anatsalira n'kundifunsa ngati abambo akewo anali kumwa mankhwala. Ndinati sindinawerengepo zoti sankamwa. Anagwedeza mutu n'kutuluka, ndipo sindinamufunse chifukwa chake anafunsa.

Anatisinthira mankhwala, pano ndi 13A, ndipo ndimamwa m'mawa. Botolo linachoka kuseri kwa mabuku, limakhala pawindo la kuchipinda. Mwana wathu ndi amene wadzipatsa udindo wolibweretsa. Amaligwedeza ngati chisekese kuchokera kuchipinda mpaka pakhonde, akuimba nyimbo yake yopeka. Amadziwa kuti ndi mankhwala a adadi oti asadwale. Zotsalazo tidzamuuza, tinagwirizana kale ndi mayi ake kuti asadzazimvere kwa anthu.

Loweruka lina, ali Sitandade 1, ndinali pakhonde ndikumeta ndevu, malaya nditavula. Anabwera ndi botolo lake, n'kuima, n'kuyamba kundiloza pachifuwa ndi chala.

"Adadi, izi n'chiyani?"

"Mphini. Ananditema agogo anga ndili wamng'ono ngati iweyo."

"Munalakwa chiyani?"

"Sindinalakwe. Ankafuna kuti ndisamadwale."

Anaziwerenga mokweza, mmene amawerengera kusukulu, kukhudza imodziimodzi. Zinakwana zisanu ndi chimodzi. Anabwerezanso kuti atsimikize. Kenako anakweza diresi lake n'kudziyang'ana pachifuwa.

"Nanga ine mudzanditema liti?"

Mayi ake anali pa chingwe akuyanika zovala. Ndinaona manja awo ataima m'mwamba, atagwira yunifolomu yonyowa, osacheuka, akudikira kuti amve ndiyankha chiyani.